Makalata Awiri

Ndine wa positi m'mudzi muno, kufupi ndi Hexham.
Lachiwiri ndinafika kwa Alwyn Tweddle
n'kupeza chingwe cha apolisi pageti,
nkhosa zikulira kuseri kwa mpanda wamiyala,
wozipatsa udzu palibe.

Akuti mnyamatayo anabwera ndi chigubu
kudzapopa dizilo usiku wa chisanu.
Akuti mdalayo anaberedwa kanayi chaka chino,
apolisi n'kumafika dzuwa litatuluka kale.
Mfutiyo inali yoopsezera nkhandwe.

Kumowa amuna akumenya tebulo:
wolowa usiku sabwera kudzacheza!
Wina pakona akufunsa chapansipansi,
nanga chipolopolo chinalowera bwanji kumsana?
Maloya pawailesi akuyeza mantha pasikelo,
ati mphamvu ikhale ya muyezo,
ngati kuti munthu wodzidzimuka kutulo,
mtima uli phaphapha,
amayamba wawerenga kaye.

Ine za malamulo sindizidziwa.
Ndikudziwa kuti Kieran ankandinyamulira thumba
ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atachoka.
Ndikudziwa kuti Alwyn ankandisiyira mazira pakhonde
chimwalirireni mkazi wake,
osanena kanthu, kungokweza chipewa.

Lero m'thumba mwatsala makalata awiri.
Imodzi ya kukhoti, yopita kunyumba yopanda munthu.
Inayo ya ku koleji ya ku Newcastle,
dzina la Kieran lili pamwamba,
mwina amutenga kukaphunzira zamagetsi.

Mayi ake andiona kale pazenera.
Ndaima pageti,
mvula ikunyowetsa envulopu.