Gudumu Lakumbuyo

Twaibu anabwera nako kuchokera ku Joni,
kachipangizo kotuwa, kukula ngati sopo wochapira,
timagetsi tisanu pamphumi pake,
tobiriwira, kachikasu, kenako tofiira.
Akuti kamanunkhiza mizukwa.
Akuti kumeneko anthu amayenda nako m'nyumba zakale usiku
akufunsa makoma kuti muli ndani muno.

Ine ndimaphunzitsa fiziki Fomu 3.
Ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Koma nyumba ya bambo kwa Mpondasi ili ndi nkhani yake.
Njinga yawo ya kabaza tinaipachika kudenga
tsiku la arubaini,
ndipo Asiyatu amalumbira kuti usiku
gudumu lakumbuyo limazungulira lokha,
tiki-tiki-tiki,
ngati munthu akutsetsereka pa mlatho wa Shire
osapalasa.

Tinapita Lachisanu, itatha swala ya usiku,
Twaibu patsogolo, kachipangizo m'manja
ngati mbale ya wopemphetsa.
Pakhomo, zii.
Pakama, zii.
Pakhoma la kum'mawa, psuu, tofiira tonse.
"Ndi iwowa," anatero, mawu akunjenjemera.
Ndinagogoda khomalo ndi chala.
M'katimu mukudutsa waya,
ndinamuikitsa ndine, chaka chomwe ndinayamba kulandira malipiro.
Paliponse pomwe magetsi akuyenda, ndinamuuza,
pamakhala mphamvu yosaoneka yozinga wayayo.
Kakoka kakuwerenga imeneyo basi.
Kayandikitse ku foni yako, ndikuimbire.
Foni inalira. Kanaphethira.
Sanandiyang'ane.

Kenako, mwa chizolowezi chawo, magetsi anathima.
Tofiira tija tinafa nawo limodzi.
Mdima, udzudzu, thukuta la Okutobala,
galu wa kwa Che Bwanali kuuwa kutali.

Tiki.
Tiki-tiki.

Dzulo lake lomwe ndinali nditalemba pa bolodi:
chinthu chokhala phee chimakhalabe phee
pokhapokha china chitachikankha,
choyenda chimayendabe
mpaka china chitachiletsa.
Ana makumi asanu ndi atatu anakopera m'makope.
Palibe anafunsa za munthu
wopalasa zaka makumi atatu,
msika, chipatala, depoti, msikanso,
amayi oyembekezera kumbuyo, matumba a chimanga, tsiku lina mbuzi,
kuti chinamuletsa n'chiyani
ndipo liwiro lake linapita kuti.

Ndinayatsa tochi.
Galasi la zenera linasweka pakona,
kampata kokwana zala zitatu.
Mphepo yochokera kumtsinje imalowera pamenepo
n'kumenya kapulasitiki kowala
kamene bambo anamangirira pa sipoko
kuti malole aziwaona usiku.
Mabelingi anawapaka girisi sabata yomwe anagwa.
Kamphepo kochepa, gudumu lopepuka, girisi wabwino.
Nkhani yonse ndi imeneyo.
Ndikhoza kuijambula ndi mivi itatu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiliimitse.
Twaibu anandigwira pamkono.
Iye pamaliro sanafike, mapepala ake anali osalongosoka,
kulira kwathu anakumvera pa foni
atabisala kuseri kwa makatoni kuntchito.
"Za mphepo yakoyo ndamva," anati.
"Lisiye."

Tinakhala pansi, pa simenti yofunda,
anthu awiri a ndevu, miyendo yotambalala ngati ana.
Gudumu linazungulira, linayamba kuchedwa,
kapulasitiki kanakwera,
kanazengereza pamwamba,
kanabwerera pang'ono
monga ankachitira mwini wake akaiwala kofia,
n'kuima.

Magetsi anabwera cha m'ma thuu koloko.
Kachipangizo kanayakanso pomwe tinakasiya,
kanafiira kokha mpaka m'mawa.

Lolemba ndili ndi phunziro la kukhulana,
chifukwa chake mpira umaima pa mchenga,
chifukwa chake mabuleki amatentha.
Galasi latsopano ndinagula kale.
Lili kuseri kwa kabati, lokulungidwa m'nyuzi.
Asiyatu wandikumbutsa kawiri
kuti mvula yayandikira.