Masupuni Angati?

Magetsi anazima Lachiwiri,
ndipo malita atatu a mkaka
amene Fumbani amabweretsa pa njinga kuchokera ku Lusangazi
anagona mufiriji yofunda, n'kudzuka ali chambiko.

Ndinakuimbira kuti ndidandaule.
Iwe unaseka, uli kukhitchini kwa abwana ako ku Joni,
mbale zikugundana kumbuyo kwako.
"Usataye, mayi a Sangwani.
Kuno zimenezo amagula m'timabotolo todula,
amapaka pa buledi, amati tchizi.
Peza nsalu yoyera, ukhuthuliremo, umange, upachike.
Mawa upale khungu la lalanje, osafika koyerako, kumawawa.
Kenako shuga, masupuni..."
Mayunitsi anathera pomwepo.

Nsalu yoyera m'nyumba muno ndi imodzi:
malaya ako a kwaya aja,
amene unati udzawavala pa Khirisimasi,
osanena ya chaka chiti.
Ndawachapa, ndawawiritsa, ndadula kumsana konse.
Ukadzafunsa ndidzanamizira njenjete.

Usiku wonse kathumba kali lende pa msomali wa kalendala,
kakudonthera m'bakuli,
tho,
tho,
mvula ya kuno ija, yosadziwa kuwerenga miyezi,
ikuyankhira pa malata.
Ku Zolozolo chilichonse chimadontha:
denga, mpopi wa pabwalo, mphuno ya mwana,
ndalama zimene umatumiza.

Kwacha ndi nkhungu.
Kathumba kaphwa, katsala ngati chibakera,
koyera, kolimba, konunkhira khola pang'ono.
Madzi achikasu aja wamwa galu wa a NyaChirambo.

Malalanje ndi a ku Nkhata Bay, obiriwira kunja,
ogula pa depoti kwa mayi wina
amene anandiponyera ndimu limodzi la basera.
Chopalira ndilibe.
Ndatenga chivindikiro cha chitini,
ndachiboolaboola ndi msomali womwe uja,
kalendala yagwa pansi, ndaisiya.
Khungu likugwa ngati mungu,
fungo lalowa kuchipinda
n'kudzutsa Sangwani, amene ine ndimadzutsa katatu.

Supuni imodzi: nkhope yake yakwinyika.
Awiri: akuti bola, koma akuyang'ana kumbali.
Atatu, ndi madzi a lalanje theka,
ndi kamchere ka kunsonga kwa zala
kamene sunanene, ndangokaganiza ndekha.
Ndatakasa mpaka mkono kuwawa,
mibulu yonse yasungunuka, zasalala.
Wachinayi wathira yekha ine nditatembenuka.
Ndinamuona m'galasi la kabati.

Buledi anali wadzulo, magawo awiri okha,
ndiye zotsalazo tapaka pa chinangwa chophika.
Abwana ako akanaona akanati chiyani kaya.
A NyaChirambo alawa ndi chala, ataima pakhomo,
afunsa kuti ndinaphunzira kuti.
Ndati kwa mphunzitsi wa theka la phunziro.

Sangwani wapita kusukulu, kolala ili ndi dontho loyera,
manja akununkhira lalanje.
Ndakusungira pang'ono m'kapu yako yobenthuka ija,
ndavindikira ndi sosala.
Ndikudziwa, izi sizisungika.
Pofika Loweruka zidzakhala zitasasa,
ndidzadya ndekha nditaimirira.

Magetsi ayaka tsopano, firiji ikung'ung'udza yopanda kanthu.
Malaya ako ali pa chingwe, mabatani onse alipo,
mphepo ikulowera kumsana.
Ndakufulasha kawiri.
Ukaimba usataye nthawi ndi masupuni, ndi anayi.
Uyambe ndi tsiku la basi.