Kutseka Msasa

Basi yomaliza yanyamuka Lachisanu,
yasiya fumbi ndi sokosi imodzi pa chingwe.
Ine, Arvid mwana wa Tvedt, ndatsala ndi makiyi khumi ndi anayi
ndi ntchito yokhuthula madzi m'mipope
asanaundane n'kuiphulitsa.
Kuno kumpoto kwa Minnesota chisanu sichinena odi.

Mabwato ndawagoneka chafufumimba.
Mitengo ya makungwa oyera yayamba kuvula,
masamba achikasu adzaza ngalande.

Tisanafike ife, Aojibwe ankapalasa m'bangomu,
akupinda mpunga wakutchire ndi kamtengo kena,
kena akukunthira m'bwato.
Dzina limene anaitcha nyanjayi sindilidziwa.
Ndinafunsa mochedwa.

Kenako kunabwera macheka.
Paini woti amuna atatu sakanamuzinga ndi mikono
anagwa, nayandama kulowera kumwera
kukasanduka makhonde a eni ndalama.
Agogo anga a Halvor, atangotsika sitima yochokera ku Norway,
anagula zitsa poyesa agula munda.
Chaka ndi chaka nthaka inkawaberekera miyala:
mbatata dengu limodzi, miyala ngolo zisanu.
Atafika posauzana, anagulitsa malowa kwa Abusa Rustad,
munthu wamfupi wodwala mphumu,
amene ankakhulupirira kuti mwana wa Chilutera
amamva bwino katekisimu udzudzu ukumuluma.
Mtengo wake madola mazana atatu
ndi ng'ombe yomwe inali itasiya kale mkaka.

Miyala ija ndiyo makoma a tchalitchi chathu.
Agogo akagwada pa Mgonero ankaizindikira:
uwu unandithyolera pulawo,
uwo unandichotsa chikhadabo.
Ati kukhululuka anakuphunzirira pamenepo,
ndipo kunawatengera zaka.

Belu linachokera ku sukulu yomwe inatsekedwa.
Lili ndi mng'alu, limalira ngati lagwidwa chimfine,
koma ladzutsa mibadwo inayi.

M'khitchini, kuseri kwa chitseko,
pakadali pensulo ya Signe Haugland:
ufa makapu akutiakuti pa ana zana limodzi ndi makumi awiri.
Usiku wa mphepo yamkuntho ija
anawalowetsa onse pansi pa matebulo,
nawauza ayimbe mokweza kuposa denga.
M'mawa denga analipeza m'nyanja.
Ana onse analipo, ndipo phala linapsa pa nthawi yake.

Pa mtanda wa denga m'kanyumba kachisanu ndi chimodzi
wina anagoba ndi mpeni: Dale Kvamme, zaka khumi ndi zitatu.
Anapita ku nkhondo ya ku Vietnam, sanabwereko.
Paini amene anabzala ndi anzake m'mizere
wapitirira nsonga ya tchalitchi,
ndipo mizereyo inasokonekera kale.
Nkhalango yaiwala kuti inabzalidwa.

Chaka chino anabwera ana makumi anayi okha.
Komiti ikunong'onezana zogulitsa gombe lakumpoto,
kumene chimbalangondo chimatsikira kukamwa
ndi kumene mbalame yamaso ofiira ija imaikira mazira,
ija yoseka usiku ngati yapenga,
yomwe imaliza ana tsiku loyamba
koma tsiku lotsanzika onse akuiyerekeza m'basi.
Ine ku komiti sindiyankhula.
Ndimangobwera ndi khofi ndi mndandanda wa malata odontha.

Posachedwa nyanja iuma gwa,
moti galimoto n'kuyendapo.
Chipale chofewa chikwirira mabenchi apabwalo,
guwa lamatabwa likhala la agologolo.
Pansi pa ayezi nsomba zizipuma pang'onopang'ono,
osafa ayi.

Kanyumba kachiwiri sindikhoma.
Bambo anga sankakhoma, sanandiuze chifukwa.
Ndimasiyamo machesi, bulangete ndi nkhuni zouma.
Chaka china ndinapeza nkhuni zatha,
patebulo pali dola imodzi
ndi kapepala kopanda dzina.

Ndisanalize injini ndimakoka chingwe kamodzi.
Belu limatsokomola pamwamba pa madzi.
Palibe wothamangira chakudya.
Gwape yekha, m'mphepete mwa bwalo la mpira,
amadzutsa mutu, kundiyang'ana,
n'kupitiriza kudya.