Wotchi ya M'chifuwa

Zaka makumi atatu ndinakhala pa Kamwala,
kagalasi m'diso,
ndikutsegula misana ya mawotchi a anthu.
Ndinkawauza zoona: batire ndi mlendo wopanda mwambo,
pochoka satsanzika.
Lero langa andisokera pansi pa fupa la phewa,
kumanzere, kabokosi kosaposa ka machesi,
ndipo chivindikiro chake sindingachitsegule.

Tikiti inachokera ku Durban, kwa Mwatitha.
Akuti atate, mukwere ndege,
kenako sitima ya pamadzi, masiku asanu osaona mtunda.
Ine amene madzi aakulu ndinawaonapo
ndi a Kafue, ndili m'basi, pa mlatho,
nditagwiritsa mpando.

Zelipa anagawa mapiritsi pawiri,
ena m'chikwama chake, ena m'jekete langa.
Akuti masutukesi amasochera.
Foni anaichotsa m'thumba la pamtima
n'kuiika la kumanja,
osandifunsa, ngati akuveka mwana wa sukulu.

Usiku wa ulendo magetsi anazima ku Chilenje.
Firiji inameza mawu,
jenereta ya aneba inatsokomola kawiri n'kugona.
Ndinaika chala pamtsempha n'kuyamba kuwerenga.
Makumi asanu ndi limodzi pa mphindi,
osatsala, osapitirira.
Komboni yonse mdima,
woyaka ndine ndekha.

Kubwalo la ndege kuli khomo lopanda chitseko
lolirira makiyi ndi malamba.
Ndisanalifike ndinatulutsa kakhadi ka kuchipatala.
Mnyamata wa yunifolomu, dzina pachifuwa Hamoonga,
anakawerenga kutsogolo ndi kumbuyo.
"Bwerani kuno, mudala. Tambasulani manja."
Ndinaima ngati chowopsezera mbalame m'munda wa mapira,
nsapato m'beseni, buluku likufuna kutsika.

Zikhatho zake zinayenda m'nthiti, m'khwapa,
n'kuima pa kachotupa kaja.
"Kamapweteka?"
Ndinati iyayi, kamangoyabwa kukatentha.
Sanachotse dzanja.
"Amayi anga akudikira kawo.
Chino ndi chaka chachiwiri."

Pamzere anthu anayamba kung'ung'udza,
wina wa tayi akuyang'ana pamkono pake,
wotchi yoti ndikanaikonza, inali m'mbuyo mphindi zitatu.
Ndinagwira zala za mnyamatayo n'kuzikanikiza pamenepo.
Mvera, ndinatero, ukawauze kuti sikaluma.
Anamvera. Kenako anandipatsa lamba wanga
ndi manja awiri.

Ndege itayamba kuthamanga, Zelipa anatseka maso
n'kuyamba pemphero la pa chakudya,
lokhalo limene linamubwerera.
M'mimba munatsalira pansi, makutu anatseka,
thukuta linatsika ndi msana,
koma mlendo wanga sanadabwe nazo kanthu.
Iye za mitambo alibe nazo ntchito.

Ndinasuzumira pawindo.
Lusaka anali chagada ngati wotchi yotsegulidwa msana:
misewu timawaya,
mabwalo ozungulira timagudumu,
maminibasi fumbi lolowa m'kati.
Penapake pamenepo pali tebulo langa lakale,
mnyamata wina akugulitsirapo makava a foni.
Penapake pali mayi wogona chokhala,
akupuma mowerengera.

"Nanga likakaima pakati pa nyanja?"
Zelipa anafunsa, maso akadali otseka.
Ndinati adokotala anena zaka zisanu ndi zitatu.
Ndinati m'sitimamo muli chipatala, Mwatitha wafunsa kale.
Sindinamuuze kuti inenso ndinkati "zaka ziwiri, bwana,"
ndikupukuta galasi ndi nsonga ya malaya,
ndipo ena ankabwerera mvula isanagwe.

Mtsikana wa ngolo anabweretsa tiyi m'kakapu ka pepala.
Ndinapempha shuga wachiwiri.
Zelipa anatsegula diso limodzi n'kundilanda,
kenako anasiya dzanja lake pachifuwa panga,
pamwamba pa jekete,
ngati mmene makasitomala ankaikira wotchi kukhutu
asanalipire.