Chisakasa cha Kuseri

Yobe Shawa anasamuka usiku wa Lachitatu,
ngolo yake itaphimbidwa ndi mapesi.
Pansi pa mapesiwo panali mvukuto, nyundo ziwiri, matupa,
mapaipi ozula ku malole akufa,
ndipo pamwamba panakhala mwana wanga Penyani,
miyendo ili lendelende ngati akupita kudimba.

Chisakasacho chinali changa,
kuseri kwa nyumba, pano pa Chadiza.
Lendi ankalipira mwezi usanathe,
ndiye sindinafunsepo
chifukwa chimene wosula makasu
amatsekera chitseko dzuwa lili paliwombo.
Ndinkadziwa.
Fungo la wonga silisokonezeka ndi la makala.

"Mayi, kuno lamulo lamera mano,"
anatero Yobe akumanga chingwe.
"Anzanga awiri akudya nyemba ku Namuseche.
Tsidya ilo, ukapitirira mwala wa m'malire,
wapolisi amafika kamodzi pachaka,
ndiponso njinga yake ikakhala ndi mpweya."
Anaseka. Inenso ndinaseka,
sindidziwa chimene ndinkaseka.

M'mawa a komiti ya chitetezo anabwera
kudzaona chitseko chili pululu.
Anawomba m'manja, ati mudzi wayera.
Anachisale a makala sanawombe nawo,
matumba atatu pa sabata anali a Yobe.
Mnyamata wa mawaya ndi zitsulo zakutha
anaima pang'ono ndi wilibala yake,
kenaka anatembenuka.

Mvula inagwa, inakata.
Foni yanga inayamba kulira pa mapeto a mwezi,
ndalama zochokera ku nambala yachilendo.
Ndinagula feteleza, matumba awiri.
Chimanga chinabereka mpaka anthu kuloza.

Ndiye mu Julaye, kukuzizira,
akuba ng'ombe analowa m'khola la Edisoni Miti.
Iye anatuluka ndi tochi, wopanda malaya.
Tonse tinamva kulirako,
kulira kwa gogodela, kokhala ngati chitseko cha lata
chamenyedwa ndi mphepo.
Ku chipatala anamuchotsa m'ntchafu
timipira tisanu ta m'gudumu la njinga
ndi mutu wa msomali.
Lero akuyenda, koma mwendo umabwera pambuyo
ngati mwana wokana sukulu.

Mbava zinataya mfutiyo pothawa.
Apolisi anaigoneka pathebulo kuti tiione tonse.
Thako lake la mlombwa, losalala bwino,
ndipo pafupi ndi chala chowombera
timizere titatu, kamodzi kopingasa.

Timizere timeneto ndimatidziwa.
Tili pa mthiko wanga.
Tili pa mpini wa khasu la malemu bambo ake,
tili pa desiki ina ku pulayimale
pamene anamukwapulira ali giredi folo.

Wapolisi anafunsa ngati alipo woizindikira.
Ndinayang'ana nsapato zake.
Zinali zopolishidwa, chingwe chimodzi chachifupi.

Malire ndi chiyani kodi?
Ife timawadutsa popita ku maliro,
mbuzi zimawadutsa zikamva fungo la madeya.
Lamulo lokha ndi limene limafika pamwala paja
n'kuima, n'kuvula chipewa.
Chipala chinasamuka mtunda wa maola anayi a ngolo,
koma zimene chimasula
zimadziwa njira yobwerera kwawo
kuposa mwana wanga.

Sindikunena kuti akanamusiya Yobe.
Sindikunenanso kuti anachita bwino kumuthamangitsa.
Ine ndimagulitsa tomato, za malamulo n'za eni ake.

M'chisakasa muja tsopano ndimasungamo nkhuku.
Zikamapalasa pansi zimafukula tizitsulo tonyezimira,
zimajompha, n'kulavula.
Dzulo Edisoni anadutsa, anandipatsa moni,
anafunsa ngati Penyani akupeza bwino ku ntchito
ya makasu ija.
Ndinati akupeza bwino.
Foni inali m'thumba la chitenje,
mwezi unali utatsala masiku awiri,
ndipo ndinaigwira mwamphamvu
kuti ingalire iye asanapite.