Mphika wa Kuseri

Dimba langa ndi mapazi makumi awiri
kuchokera pabafa kukafika pampanda wa Che Amidu.
Ndinaliyeza ndekha chaka chimene ndinatula choko,
nditasankha kutsalira kuno kwa Mpondasi
kusiyana n'kubwerera ku Ntcheu
kukalimbirana malire ndi ana a mlongo wanga.

Okutobala wa kuno alibe chisoni.
Ukathirira m'mawa ndi keni yodontha pakhosi,
pofika naini koloko nthaka yakuiwala kale.
Komabe mpiru unadzuka,
mabilinganya anatupa ngati zibakera,
therere linaloza kumwamba ndi zala zake zaubweya,
ndipo mizere itatu ya chimanga
inayamba kumera ndevu.

Kenaka wina anayamba kukolola ine ndisanakolole.

Sanali mwana wa munthu;
ana amathyola mondokwa n'kuliyatsa liwiro.
Uyu amadula phesi m'munsi, mopendeka,
ngati wanolera chikwanje usiku wonse,
n'kukhala pansi, n'kudya mosapupuluma,
n'kundisiyira timilu ta zinyenyeswa.

Che Amidu anasuzumira pampanda, mzuli uli pambali:
"Aphunzitsi, mlendo wanuyo walowanso m'mizimbe yanga.
Ndi ntchenzi, ikuchokera m'bango la ku Shire.
Ife sitidya, mukudziwa.
Koma waya ndili naye."

Anali waya wa buleki ya njinga yawo ya kabaza.
Tinatchera awiri pamphako ya mpanda,
iwo akupinda mtengo, ine ndikumanga khwekhwe,
wina osafunsa mnzake za chikhulupiriro.

Usiku woyamba, zii.
Wachiwiri tinakola mphepo.
Wachitatu, mawu a kumzikiti asanadzutse nkhuku,
mtengo unati thwaa!
Ndinatuluka ndi tochi, malaya ali chagada,
ndipo nayo, yolemera ngati dzungu la pachulu,
mano ofiirira, ndevu zikunjenjemerabe.
Ndinaima kaye. Sindinama.
Nayonso inali ndi kwawo.

Ndinaiwawula ndi mapesi omwe inagwetsa yokha.
Potumbula ndinapeza dimba langa m'mimba mwake,
lobiriwirabe, losagayika bwino.

ANachisale anandiletsa pakhomo la khitchini:
"Miphika ya muno imapita kwa Abiti Sumani n'kubwerako,
ana awo amadya m'mbale zathu.
Tengani uja wa kuseri, wobenthuka mlomo."
Choncho ndinasonkha moto wanga kuseri kwa khola,
pamafuwa atatu, ngati mbeta yaimuna.

Fungo silidziwa mpanda.
Posakhalitsa dzanja linatulukira pamwamba pa udzu
litanyamula matimati anayi ndi tsabola wa kambuzi.
"Matimati alibe mlandu," anatero Abiti Sumani,
nkhope atayang'ana kwina, akuseka.

Ndinadyera chinangwa chophika, mpiru pambali.
M'nyamamo ndinamva madzi anga a mu Ogasiti,
ndinamva kutsekemera kwa mizimbe ya Che Amidu,
ndinamvanso, chapatali,
utsi wa lupsa ku Ntcheu,
bambo anga akukumba una ndi khasu lothyoka mpini,
ine nditatseka mbuli ndi chikhatho,
mtima ukugunda kuposa wa kapuku ali m'katimo.
Ndinatsuka mkamwa, ndinatsuka mphika ndi phulusa,
n'kuuvundikiranso kumalo kwake.

Madzulo ndinathyola lichero lodzadza:
mabilinganya, therere, mpiru wa masamba otambalala,
ndi mondokwa zisanu zomwe zinapulumuka,
n'kukapereka kutsidya kwa mpanda,
waya nditamukulunga pamwamba pake.

Che Amidu analandira lichero, waya anandibwezera.
"Njinga ndiziimitsa ndi phazi sabata inanso.
Mwayang'anamo m'dimba mwanu?"

Ndinabwerera.
Pamzere wachitatu, pafupi ndi bafa,
phesi lina linali litagona,
lodulidwa m'munsi, mopendeka,
madzi ake asanaume.