Makina a M'chifuwa

Zaka makumi atatu ndaponda makina
pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi phiri la Dedza,
ndipo khutu langa limadziwa makina akayamba kunama:
pamwamba msoko wooneka bwino,
kunsi mfundo zokhazokha.
Ndiye usiku uja wa mu Juni
ndinadziwa ndisanauzidwe.
Gu, gu, kenako zii,
kenako gugugugu,
ngati mwana wakwera pa chopondera
bambo ake atapita kuseri.

Nangondo anati ndi mphepo chabe.
Mlamu anati apa pali munthu.
Dokotala, mtsikana wa msinkhu wa Tinyade wanga,
anandimata timawaya pachifuwa,
pepala n'kutuluka ndi msoko wokhotakhota,
woti ine nditapereka kwa kasitomala
angandiponyere nsalu kumaso.

Sanandibisire.
Anayala mapiritsi patebulo ngati mabatani.
Aka, anatero, kamauza mtima kuti yenda pang'onopang'ono,
koma manja azizizira, mtunda uzitalika.
M'malo mwake kalipo kena kamphamvu,
koma kamafuna tizikuonani chiwindi ndi chithokomiro,
ulendo wa ku Lilongwe pafupipafupi.
Kachitatu aka n'koletsa magazi kuundana
n'kukatseka njira kumutu.
Mukadzicheka, achedwa kuleka.
Kodi mumagwira ntchito yanji, bambo?
Ndinati ya singano ndi lumo.
Anaseka, kenako anasiya kuseka.

Ndinawerengera ya minibasi, popita ndi pobwera,
ndinapeza kuti ndi mayunifolomu anayi.
Ndinaloza kozizira manja.
Wobadwira kwa Kachere kuzizira ndi mbale wake.
Kachitatu kaja ndinangokatola osafunsa zambiri,
ndinaona mmene a Gwaza amakokera mwendo.

Tsopano amagona m'kachitini ka mabobini.
M'mawa ulusi umakana diso la singano,
katatu, kanayi,
mpaka Chiletso, mnyamata amene ndikumuphunzitsa,
amandilanda mwaulemu osandiyang'ana.
Tsiku lina singano inandipsompsona chala
ndili pa diresi la mkwatibwi wa ku Bembeke.
Kadontho kamodzi, kenako ena, osaleka.
Ndinasokapo duwa pamenepo,
mayi ake anati ndine waluso.

Mpiru ndimadya muyeso umodzi,
osati lero phiri, mawa ayi,
akuti magazi sakonda kudzidzimutsidwa.
Ku bawo amanditcha abusa
chifukwa kapu imandidumpha.
Za kuchipinda tinakambirana ndi Nangondo,
zimenezo n'zathu.

Mwezi wina pawindo anati atha, kaguleni.
Kufamase mtengo wake unali thalauza ziwiri ndi zipi.
Ndinati ndikumva bwino ine, ndidikire a boma.
Masiku asanu.
Lachisanu ndi chimodzi, ndikukwera kamtunda ka kumsika,
makina anathawa okha, chopondera palibe wochiponda,
ndinakhala pansi pakati pa matumba a mbatatesi,
amayi akundikupiza ndi katoni.
Dokotala sanakalipe.
Analemba m'kabuku kanga, n'kudula mzere kawiri kunsi kwake,
anati mukadzasowanso, mudzabwere kaye kuno.
Bola akanakalipa.

Sindinachire, ndisaname.
Nthawi zina amadumphitsabe,
ndimaimitsa phazi, nsalu ili pakati,
n'kumvetsera ngati munthu wamva kugogoda
koma sakudziwa ngati ndi pakhomo pake.
Kenako gu, gu, gu,
ndimatsitsanso singano.

Usiku Nangondo amafufuza mkono wanga mumdima,
zala ziwiri pamtsempha, monga anamuonetsera nesi.
Amawerenga chonong'ona,
iye amene ankati ndi mphepo chabe.
Makumi awiri, makumi atatu,
mawu amayamba kulemera,
sanafikepo makumi asanu ndi limodzi asanagone.
Ine ndimatsala maso,
osasuntha mkono kuopa kumudzutsa,
ndikuganiza za mayunifolomu a Sitandade wani
oti afike Lolemba,
mabatani ake sindinagule.